Antoninus Wake Uti? Kusiyanitsa Makobidi a Chiroma Ofanana Maina

Funso lachokera kwa bambo wina wa kwathu amene akukhala ku Leeds. Mwachidule akuti: "Nditapita kukacheza ku York ndinagula makobidi awiri asiliva a nthawi ya Aroma kwa munthu wogulitsa zinthu zakale. Pa timapepala take analemba kuti onse ndi a Antoninus Pius. Koma pa zithunzi za pa intaneti Antoninus Pius ndi mdala wandevu, pomwe pa makobidi angawa pali anyamata opanda ndi kadevu komwe. Loyamba kumaso lalembedwa ANTONINVS PIVS AVG, kuseri PONTIF TR P VIII COS II. Lachiwiri kumaso IMP ANTONINVS PIVS AVG, kuseri P M TR P IIII COS III P P, ndipo pali munthu ataima pafupi ndi guwa, ndi kanyenyezi pambali. Anandiikira basera kathumba ka timakobidi tamkuwa tokhala ndi asilikali awiri, tonse tofanana. Kodi anandibera? Nanga zinthu zofanana chonchi mumazisiyanitsa bwanji?"

Bambo, mtima ukhale m'malo. Pa zimene mwalembazi sindikuonapo chizindikiro chakuti makobidi anuwo ndi abodza. Cholakwika ndi timapepalato. Khobidi loyambalo ndi la Caracalla, linasulidwa mu 205. Lachiwirilo ndi la Elagabalus, la mu 221. Antoninus Pius mwini dzina anamwalira mu 161, anyamata awiriwa asanabadwe n'komwe. Kuthumba simunapweteke kwenikweni, chifukwa makobidi wamba asiliva a mafumu atatuwa mitengo yake siisiyana kwambiri. Wogulitsayo anachita zimene ambiri amachita: anawerenga dzina n'kulekera pomwepo. Pa khobidi la Chiroma dzina ndi mboni yofooka. Mboni zodalirika ndi maudindo ndi manambala a kuseri, zilembo za pansi penipeni, kulemera kwa khobidilo, ndipo nkhope imabwera pomalizira.

Gwero la chisokonezo ndi kulowa maina. Kwathu mukamva kuti Gomani kapena M'mbelwa mumafunsa kuti wachingati, chifukwa dzinalo ndi la mpando. Aroma nawo ankalowa maina a mafumu amene anthu ankawakonda, kungoti pa khobidi sankalembapo kuti uyu ndi wachiwiri kapena wachitatu. Manambala amene timawaona m'mabuku anaika ndi akatswiri a m'mbuyo muno. Antoninus Pius analamulira kuyambira 138 mpaka 161, nthawi ya bata, ndipo dzina lake linasanduka chuma. Marcus Aurelius analitenga, n'chifukwa chake makobidi ake ambiri amati M ANTONINVS AVG (AVG ndi chidule cha Augustus, dzina la udindo wa mfumu). Mwana wake Commodus analitenganso. Kenako kunabwera Septimius Severus, mbadwa ya ku Leptis Magna m'dziko limene lero ndi Libya, amene analanda mpando ndi nkhondo mu 193. Pofuna kuti aoneke wa kubanja lachifumu, mu 195 anadzitcha mwana wa Marcus Aurelius, munthu amene anali atamwalira kale mu 180, ndipo mwana wake Bassianus anamusintha dzina kukhala Marcus Aurelius Antoninus. Ameneyu ndiye Caracalla. Dzina lakuti Caracalla linali longomunena chifukwa cha chovala chachipewa chimene ankakonda, ndipo simudzalipeza pa khobidi lililonse.

Caracalla ataphedwa mu 217, mchemwali wa mayi ake, Julia Maesa, anafalitsa mbiri yakuti mdzukulu wake wa zaka 14 anali mwana wa Caracalla wobadwira kumbali. Asilikali anakhulupirira, kapena anasankha kukhulupirira popeza mayiyo anali ndi ndalama, ndipo mu 218 mnyamatayo anakhala mfumu ndi dzina lomwe lija la Marcus Aurelius Antoninus. Ndiye Elagabalus ameneyo. Choncho kufanana kwa makobidi anu awiriwo sikunachitike mwangozi. A kunyumba yachifumu ankafuna dala kuti wogwira khobidi la mnyamatayo akumbukire Caracalla. Chinanso n'chakuti pa makobidi anuwo onse awiri ali pamsinkhu umodzi, wa zaka pafupifupi 17.

Tsopano tembenuzani khobidi loyambalo. Kumbukirani kuti V amaimiranso U, ndipo 4 kawirikawiri amalembedwa IIII. TR P ndi chidule cha mphamvu yoteteza anthu wamba imene mfumu inkapatsidwa, ndipo ankaiwerenga chaka ndi chaka, moti nambala yotsatira TR P imakuuzani kuti mfumuyo ili m'chaka chachingati. COS ndi consul, udindo waukulu wa m'boma wa chaka chimodzi, umene mfumu sinkautenga chaka chilichonse. Nambala ya COS imakhala yomweyo kufikira mfumu itautenganso, n'chifukwa chake payokha siithandiza kwambiri: Hadrian anakhala COS III kuyambira 119 mpaka imfa yake mu 138. Koma mukaphatikiza manambala awiriwa, nthawi zambiri amaloza munthu mmodzi ndi chaka chimodzi.

Lanulo likuti TR P VIII COS II. Elagabalus analamulira kuyambira 218 mpaka 222 basi, ndipo manambala ake amathera pa TR P V, ndiye VIII sangakhale wake. Antoninus Pius pofika chaka chake chachisanu ndi chitatu anali atadutsa kale COS II. Watsala Caracalla, amene bambo ake anamukweza kukhala mfumu mnzawo mu 198. Kuwerenga kuchokera pamenepo, TR P VIII ikugwera mu 205, chaka chomwe anakhala consul kachiwiri pamodzi ndi mng'ono wake Geta. Zonse zagwirizana.

Lachiwirilo likuti TR P IIII COS III. Caracalla m'chaka chake chachinayi, 201, anali asanakhalepo consul. Anayamba mu 202, ndipo COS III anaifika mu 208 ali pa TR P XI. Elagabalus yekha ndiye anathamanga: consul mu 218, mu 219, mu 220, moti pofika TR P IIII mu 221 anali COS III. Kunena zoona, Antoninus Pius naye anali COS III m'chaka chake chachinayi, ndipo apa ndi pamene nkhope imatithandiza, chifukwa iye anali bambo wopitirira zaka 50 wa ndevu zake. Onaninso kasanjidwe ka mawu. Pa makobidi a mdalayo dzina limayenda ANTONINVS AVG PIVS, pomwe pa anyamatawa limayenda ANTONINVS PIVS AVG. Mawu ndi omwewo, malo asinthana.

Pali njira ina yachidule imene ine ndimaikonda kuposa zonsezi, chifukwa imagwira ntchito ngakhale manambala atafufutika. P M ndi mkulu wa ansembe onse a ku Rome, ndipo m'nthawi imeneyo udindowu unkakhala ndi munthu mmodzi. Septimius Severus anausunga mpaka anamwalira mu February 211, ku York komweko kumene munagula makobidiwa. Nthawi yonseyo mwana wake ankangolembedwa PONTIF, wansembe wamba. Ndiye mukaona mnyamata wopanda ndevu wotchedwa Antoninus, kuseri kuli PONTIF yekha wopanda MAX, ndi Caracalla. Kuseri kukakhala P M, ndi Elagabalus. Caracalla wokhala ndi P M ndi wa 211 kupita mtsogolo, ndipo ameneyo simungamusokoneze: ndevu zazifupi, tsinya pamphumi, ndipo dzina limathera ndi BRIT, kenako kuyambira chakumapeto kwa 213 ndi GERM.

Ena adzakuuzani kuti IMP kumayambiriro kwa dzina ndiye kuti Elagabalus. Nthawi zambiri n'zoona, koma musamangirepo nyumba. Makobidi ena oyambirira a Caracalla a mu 198 ali ndi IMP, ndipo ena a Elagabalus osulidwa kum'mawa amati ANTONINVS PIVS FEL AVG popanda IMP.

Munthu woima paguwayo ndi Elagabalus mwiniwake. Banja lake ndilo linkatulutsa ansembe a mulungu wa dzuwa wa ku Emesa, mzinda wa Homs wa ku Syria masiku ano, ndipo atakhala mfumu anasamutsira ku Rome mwala wakuda wa mulunguyo. Zimenezi zinanyansa akuluakulu a mzindawo ndipo zinathandizira kuti aphedwe mu March 222. Kanyenyezi kamene mwaonako kamapezeka kawirikawiri pa makobidi ake a zaka zomalizazi. Tengani galasi lokulitsira zinthu muyang'ane pamwamba pa mphumi, pamene pathera nkhata ya masamba. Pa makobidi ambiri a mu 221 pamatuluka kanthu kopindika konga nyanga. Ngati kalipo, lembani pa kapepala kanu, chifukwa osonkhanitsa amasiyanitsa "lanyanga" ndi "lopanda nyanga".

Bwanji ndikuika nkhope kumapeto? Chifukwa zidindo zonse zinkasemedwa pamanja, chimodzichimodzi, ndipo chikatha ankasema china. Khobidi ankaliika pakati pa zidindo ziwiri n'kumenya ndi nyundo. Osemawo luso lawo linali losiyana, ndipo mfumu ikangolowa kumene, ena anali asanaione n'komwe. Maximinus amene analowa mu 235 sanapondeko ku Rome nthawi yonse ya ufumu wake, ndipo makobidi ake oyamba amafanana ndi Severus Alexander amene iye anamulowa m'malo. Chibwano chake chachitalicho chinadzaoneka pambuyo pake. Diso lozolowera limazindikira nkhope msanga, inde, koma diso lomwelo likakumana ndi khobidi lokutha limaona chimene likufuna kuona.

Chimene nkhope yavala pamutu, chimenecho ndiye chofunika. Anu awiriwo ngati ali ndi nkhata ya masamba, ndi ma denarius, ndipo pa sikelo ayenera kukhala pafupi ndi magalamu 3, m'mimba mwake mamilimita 18 mpaka 20. Mfumu ikavala chisoti cha nsonga zonga cheza cha dzuwa, limenelo ndi khobidi lina, limene lero timalitcha antoninianus. Analiyambitsa Caracalla mu 215. Linkalemera pafupifupi magalamu 5, ngati denarius imodzi ndi theka, koma akatswiri ambiri amati linkayenda ngati ma denarius awiri. Boma linkadya pamenepo. Silivanso anali akuchepa: m'nthawi ya Augustus denarius inali pafupifupi siliva yekhayekha, m'nthawi ya Severus inali pafupifupi theka, ndipo pofika cha m'ma 260 antoninianus inali mkuwa wongopakidwa siliva pamwamba. Chisoti cha nsonga chomwecho chimathandizanso pa makobidi akuluakulu okhala ndi S C kuseri. Dupondius inali ya mkuwa wachikasu ndipo as inali ya mkuwa wofiira, yoyambayo mtengo wake kuwirikiza kawiri inzakeyo. Zili zatsopano mtundu unkazisiyanitsa, koma patapita zaka mazanamazana m'dothi zonse zimabiriwira mofanana. Kuyambira nthawi ya Nero, chisoti cha nsonga chimasonyeza dupondius. Akazi a mafumu savala chisoticho. Pa antoninianus mapewa awo amakhala pa kamwezi, koma pa dupondius ndi as nthawi zambiri palibe chizindikiro, moti wogulitsa woona mtima amalemba maina onse awiri.

Tibwere ku kathumba kanu, kamene kwa ine n'kosangalatsa kuposa siliva uja. Asilikali awiri ataima, aliyense ndi mkondo ndi chishango, mozungulira mutalembedwa GLORIA EXERCITVS, kutanthauza ulemerero wa gulu lankhondo. Timeneti ndi ta banja la Constantine, tinayamba mu 330 ndipo tinasulidwa kwa zaka pafupifupi khumi. Yambani ndi kuwerenga mbendera zimene zili pakati pa asilikaliwo. Zikakhala ziwiri, khobidilo ndi la pakati pa 330 ndi 335, lolemera pafupifupi magalamu awiri ndi theka. Ikakhala imodzi ndi la pambuyo pake, boma litachepetsa kulemera kwake kufika pansi pa magalamu awiri. Khobidi litachepa, malo a mbendera yachiwiri anasowa. Gawani kathumbako pawiri motero musanawerenge dzina lililonse.

Kenako maina, ndipo apa werengani chilembo chimodzichimodzi ndi nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano. CONSTANTINVS MAX AVG ndi bambo, Constantine wamkulu. CONSTANTINVS IVN NOB C ndi mwana wake Constantine II, pakuti IVN ndi wamng'ono ndipo NOB C ndi mwana wachifumu amene sanafike pa AVG. FL IVL CONSTANTIVS NOB C ndi Constantius II: onani kuti palibe N patsogolo pa VS. CONSTANS ndi mng'ono wawo wotsiriza. Mukapeza DELMATIVS, muikeni padera. Anali mwana wa m'bale wake wa Constantine, anakwezedwa mu 335 n'kuphedwa mu 337, ndipo makobidi ake sapezeka ambiri ngati a anzakewo. Bamboyo kawirikawiri amavala lamba wa timiyala pamutu, pomwe anawo ali pa NOB C amavala nkhata ya masamba. Povuta ndi pambuyo pa May 337. Constantine atamwalira ana atatu aja onse anakhala AVG, ndiye khobidi la mbendera imodzi lolembedwa CONSTANTINVS ndi AVG likhoza kukhala la bambo kapena la mwana. Pamenepo mufunika kudziwa kumene linasulidwa, n'kuyerekeza ndi kaundula wa makobidi, amene nditchule kutsogoloku.

Kumene linasulidwa kwalembedwa pansi pa mapazi a asilikali. M'nthawi imeneyi zipala za ndalama zinali zoposa khumi, kuyambira ku Gaul, chigawo cha France wa lero, mpaka ku Egypt, ndipo chilichonse chinkaika chizindikiro chake. TR ndi Trier, LG ndi Lyon, R ndi Rome, AQ ndi Aquileia, SIS ndi Siscia, TS ndi Thessalonica, ndipo zoyamba ndi SM zambiri ndi za kum'mawa: SMH Heraclea, SMN Nicomedia, SMK Cyzicus, SMAN Antioch, SMAL Alexandria. Chilembo chowonjezera kutsogolo kapena kumapeto chimasonyeza gulu la amisiri m'chipalamo. Kumadzulo ankagwiritsa P, S, T, Q, ndiye kuti loyamba mpaka lachinayi, moti TRP ndi gulu loyamba la ku Trier ndipo TRS ndi lachiwiri. Kum'mawa ankagwiritsa zilembo za Chigiriki. Pali dzenje limodzi limene amagweramo ambiri. Mukaona PCONST kapena SCONST mudzati Constantinople. Ayi, ndi Arles wa ku France, mzinda umene mu 328 anautcha Constantina. Constantinople imalemba CONS kenako chilembo cha Chigiriki, monga CONSA kapena CONSB. Ngati timakobidi tanu tinafukulidwa ku Britain komweko, ndikuyembekeza kuti tambiri tikhala ta Trier, Lyon ndi Arles. La London musalifune m'gulu limeneli, chifukwa chipala cha ku London chinatsekedwa cha m'ma 325, asilikali awiriwa asanayambe. Mukafuna la London funani a Constantine a zaka za m'mbuyo, monga SOLI INVICTO COMITI okhala ndi PLN pansi.

Mukatha zimenezi, yang'anani tizinthu ting'onoting'ono: kadontho pambali pa TRP, kanyenyezi, kamwezi, nkhata kapena nthambi ya kanjedza pakati pa mbendera. Ena a ku Arles ndi ku Siscia ali ndi chizindikiro cha Khristu, X wopingasana ndi P, pa mbendera. Kalikonse ka timeneti kamasonyeza ulendo wina wa kusula ndipo kali ndi nambala yakeyake m'kaundula. Makobidi awiri amene poyamba munkati ndi amodzi amapezeka kuti asiyana mfumu, mzinda, ndi chaka. Kusonkhanitsa kwenikweni ndi kumeneku, ndipo n'kotsika mtengo. Chifukwa chake n'chakuti timakobiditi tinasulidwa tambirimbiri ndipo timafukulidwabe. Ku Seaton Down ku Devon mu 2013 kunapezeka makobidi oposa 22,000 pamalo amodzi, ambiri a banja la Constantine lomweli. Ku Frome ku Somerset mu 2010 mtsuko umodzi unali ndi makobidi 52,503 a zaka za m'ma 200.

Mwina mupezamo kena kakang'ono kwambiri, asilikali ake ngati timitengo, zilembo zosawerengeka kapena zotembenuka. Musakataye. Ndalama za boma zikasowa ku Britain ndi ku Gaul anthu ankasula zawo potengera zenizeni. Zinachitika kwambiri m'ma 270 ndi makobidi a Tetricus ndi Claudius II, zinachitikanso ndi asilikali awiriwa. N'zokopera, koma n'zakale ndithu, ndipo alipo anthu amene amasonkhanitsa zimenezi zokhazokha.

Misampha ina ya mtundu womwewu ndingoitchula mothamanga, poti mudzakumana nayo. Pa makobidi a FEL TEMP REPARATIO, a msilikali akubaya wokwera pa kavalo amene wagwa, CONSTANTIVS wovala lamba pamutu ndi Constantius II, pomwe CONSTANTIVS wa mutu wopanda kanthu ndi msuweni wake Gallus, wa 351 mpaka 354. MAXIMIANVS alipo awiri: woyamba ndi wamkulu, mfumu mnzake wa Diocletian, wachiwiri ndi Galerius, amene nthawi zambiri amayamba ndi GAL VAL. Ndiye palinso GAL VAL MAXIMINVS, munthu wachitatu, wosiyana ndi Galerius pa chilembo A chimodzi chokha. FAVSTINA ndi mayi ndi mwana: mkazi wa Antoninus Pius tsitsi lake limaunjikidwa pamwamba pa mutu, pomwe mwana wawo, mkazi wa Marcus Aurelius, limamangidwa kunkhongo.

Za makobidi abodza, popeza ndi zimene munaopa. Popanda kuligwira m'manja palibe angalumbire, choncho chitani izi. Yang'anani m'mphepete mozungulira. Khobidi losulidwa ndi nyundo limakhala ndi timing'alu tolowa mkati, ndipo silikhala lozungulira bwinobwino. Lothiridwa m'chikombole limakhala ndi kamzere kozungulira m'mphepete pamene panakumana mbali ziwiri za chikombolecho, kapena zizindikiro za tupa pamene wina anakafafaniza, timaenje tonga ta thovu, ndi zilembo zofewa ngati zasungunuka. Mukaona zilembo WRL, limenelo ndi lachikumbutso, la mtundu umene amagulitsa poyera m'masitolo a kumalo oonetsera zakale ku Britain. Denarius imene siliva wake wasupuka n'kuonetsa mkuwa mkati ndi chinyengo cha akale omwewo. Ndipo chenjerani kwambiri ndi khobidi limene aliyense wopita kutchalitchi amalifuna, denarius ya Tiberius, imene anthu ambiri amati ndiyo ndalama ya msonkho inaonetsedwa kwa Yesu. Kumaso imati TI CAESAR DIVI AVG F AVGVSTVS, kuseri PONTIF MAXIM ndi mayi atakhala pampando. Inasulidwa ku Lyon yochuluka kwambiri pa ufumu wake wa 14 mpaka 37, moti si yosowa, koma mbiriyo imakweza mtengo, ndipo mtengo umaitana akuba. Imeneyi musagule patebulo la pamsika. Poti ilibe nambala ya chaka, akatswiri amaigawa m'magulu poyang'ana miyendo ya mpando ngati ili yosalala kapena yokongoletsedwa, mizere ya pansi pa mpandowo, ndi kachopondera ka mapazi.

Zida zofunika si zambiri: sikelo yaing'ono yowerenga mpaka 0.01 ya galamu, choyezera mamilimita, galasi lokulitsa kakhumi, ndi tochi. Tochiyo muziunikira chapambali, kuwala kuzidutsa mopendekera, ndipo zilembo zimene mumati zinafufutika zidzadzuka. Kaundula amene aliyense amagwiritsa ntchito ndi Roman Imperial Coinage, mwachidule RIC, amene anayambitsa Harold Mattingly ndi Edward Sydenham mu 1923. Asiliva anuwo ali m'gawo IV, ndipo asilikali awiri ali m'gawo VII ngati ndi a Constantine ali moyo, kapena VIII ngati ndi a pambuyo pake. Mabukuwa ndi odula, musathamangire kugula. American Numismatic Society inaika mitundu ya mu RIC pa intaneti kwaulere pansi pa dzina lakuti OCRE. Mumalemba zilembo zimene mukuziona, n'kuyerekeza zithunzi. Chizolowezi chimodzi chokha ndikupemphani: lembani kaye papepala zimene maso anu akuona, pamene simukuona ikani kamzere, musanatsegule kompyuta. Mukayamba ndi chithunzi cha pa intaneti, mudzayamba kuona pa khobidi lanu zilembo zimene palibe.

Kutsuka ndiye kumene kwawononga makobidi ambiri kuposa dothi. Musayandikize mandimu, viniga, phulusa, mchenga, kapena mankhwala opukutira mkuwa. Khungu lobiriwira kapena lakuda la pa khobidi lamkuwa ndilo limasunga zilembo, ndipo mukalichotsa mumatsala ndi kachitsulo ka maenjemaenje kopanda mtengo. Ngati pali dothi, viikani m'madzi oyera otchedwa distilled water, amene amathira m'mabatire, muzisintha madziwo, muzitsuka pang'onopang'ono ndi mswachi wofewa, kenako umitsani bwino. Asiliva aja asiyeni momwe alili. Chokhacho choopsa ndi ufa wobiriwira motuwa umene umayoyoka mukaukhudza. Imeneyo ndi nthenda ya mkuwa, imadya khobidi pakakhala chinyezi, ndiye lotero lipatuleni kwa anzake ndipo lisungeni pouma kwambiri kufikira mutaonana ndi wodziwa. Timatumba tapulasitiki tofewa ta PVC timatulutsa mafuta obiriwira pakapita nthawi. Gwiritsani timaenvulopu tapepala topangira makobidi. Kapepala ka wogulitsa musakataye ngakhale kali kolakwika. Lembani kanu katsopano, muike tonse pamodzi ndi tsiku ndi malo amene munagula, chifukwa mbiri ya kumene khobidi ladutsa masiku ano imafunsidwa pogulitsa ndiponso potuluka nalo m'dziko.

Mukadzakopeka ndi makina ofufuzira zitsulo m'nthaka, amene ambiri kumeneko amayenda nawo m'minda, dziwani kuti pamafunika chilolezo cha mwini malo. Ku England ndi ku Wales lamulo la Treasure Act la 1996 limati makobidi awiri kapena kuposa a golide kapena siliva opezeka pamodzi, a zaka zoposa 300, kapena khumi kapena kuposa amkuwa, ayenera kunenedwa kwa coroner, mkulu wa boma wofufuza nkhani zotere, pasanathe masiku 14. Ku Scotland lamulo lake ndi lina ndipo limakhudza chilichonse chakale chimene mwatola. Ngakhale khobidi limodzi, ndi bwino kulionetsa kwa Finds Liaison Officer wa dera lanu, amene amalemba zakale zotoledwa pansi pa Portable Antiquities Scheme, imene ku England amayang'anira ndi a British Museum. Nkhokwe yawo ya pa intaneti ndi sukulu yabwino kwa inu, chifukwa muli makobidi okutha ofanana ndi a m'kathumba kanuko, osati okongola okhaokha a m'mabuku.

Poti mwayamba kale ndi banja la Severus ndipo York muli naye pafupi, ine ndikanakhala inu sindikanamwazika. Ndikanatsata makobidi a nkhondo ya ku Britain ya 208 mpaka 211, imene Severus ankaitsogolera ali ku York. Ma denarius ake anasulidwa ku Rome mu 210 ndi 211, kuseri kuli mulungu wamkazi wa chipambano wamapiko ndi mawu akuti VICTORIAE BRIT. Alipo a anthu atatu, ndipo kuseri amafanana kwambiri moti mudzafunika kuwerenga kumaso mosamala: SEVERVS PIVS AVG BRIT wa bambo wa ndevu zazitali zogawanika, ANTONINVS PIVS AVG BRIT wa Caracalla, ndi P SEPT GETA PIVS AVG BRIT wa mng'ono wake, amene Caracalla anamupha mu December 211. Pa atatuwa la Geta ndilo limavutirapo kupeza, ndiye mukaliona lili ndi zilembo zowerengeka bwino, yambani ndi limenelo.